Kalata Yotseguka kwa Akuluakulu a Zamaphunziro pa za Kuzukuta Makhalidwe m'Mabuku a ku Sekondale

Kwa Olemekezeka Nduna ya Zamaphunziro ku Capital Hill, akuluakulu a Malawi Institute of Education ku Domasi, akuluakulu a bungwe loona za mayeso la MANEB ku Zomba, ndi onse amene amasula aphunzitsi a sekondale m'dziko muno.

Olemekezeka,

Ndine mphunzitsi wa Chichewa ndi Chingerezi pasukulu ina ya sekondale yoyendera kuno ku Lilongwe, kumene ndakhala ndikugwira choko kwa zaka zingapo tsopano. Chimene chandikhazika pansi kuti ndilembe kalatayi ndi momwe tikuphunzitsira ana athu kusiyanitsa zabwino ndi zoipa m'mabuku amene timawapatsa kuti awerenge. Palibe amene amatsutsa kuti nthano, zisudzo ndi ndakatulo zimaumba khalidwe la mwana, ndipo n'chifukwa chake pafupifupi phunziro lililonse la kuzukuta nkhani limathera pa funso lakuti, "Kodi mwaphunziramo chiyani m'nkhaniyi?" Nkhawa yanga ili poti funsoli tinalisandutsa chinthu choloweza, moti mwana amatha kuliyankha bwinobwino ngakhale bukulo sanalitseguleko, ndipo amatuluka m'kalasi asanaganizepo chilichonse chokhudza chilungamo, chifundo kapena udindo wa munthu pa zimene wachita.

Mundilole ndifotokoze zimene zinachitika m'kalasi langa teremu yapitayi. Tinkawerenga buku la John Steinbeck lotchedwa The Pearl, lomwe linasindikizidwa mu 1947. Ndi nkhani ya Kino, mmphawi wa ku Mexico amene ankapeza chakudya posaka ngale pansi pa nyanja, ndipo mwana wake Coyotito atalumidwa ndi chinkhanira, dokotala anakana kumuthandiza chifukwa makolowo analibe ndalama. Kino atapeza ngale yaikulu yoti sinaonekepo m'deralo, mavuto anayamba kumulondola mpaka khandalo linaphedwa ndi chipolopolo cha anthu amene ankawasaka m'mapiri, ndipo pomaliza ngaleyo anaiponyanso m'nyanja. Titafika kumapeto ndinafunsa kuti, "Kodi Kino analakwa pati?" Ana oposa 70 anayankha pamodzi ngati akuimba nyimbo, kuti dyera ndi loipa ndipo munthu azikhutira ndi zimene ali nazo. Mawuwo ndinawazindikira, chifukwa ali m'timabuku ta mayankho timene anawo amabwerekana ndi kutumizirana pa WhatsApp.

Ndili pafupi kulemba yankholo pabolodi, mtsikana wina amene amakhala kumbuyo kwenikweni, yemwe kawirikawiri sayankhula m'kalasi, anakweza dzanja nati, "Aphunzitsi, ine dyera lakelo sindikuliona. Munthu akufuna kuti mwana wake apite kusukulu akadziwe kuwerenga, ndiye dyera limenelo? Nanga ogula ngale aja, amene anagwirizana kuti amupatse mapeso 1,000 pomwe iye ankakhulupirira kuti ngaleyo ndi ya 50,000, akusiyana pati ndi mavenda amene amabwera kumudzi kwathu ndi masikelo awo nthawi yokolola?" M'kalasi munati zii. Kenako mnyamata wina anaimirira n'kunena kuti zonsezo n'zoona, koma Kino anamenya mkazi wake Juana kumaso n'kumuponda pamene mayiyo ankathamangira kunyanja kukataya ngaleyo kuti apulumutse banja, ndipo umphawi sungamuchotsere mlandu umenewo. Wachitatu anati tayiwala dokotala uja, amene anayamba kusamala za mwanayo atangomva kuti atate ake apeza chuma. Belu linalira akutsutsanabe, ndipo ena anapitiriza panja pansi pa mtengo wa mango, atatsegula buku limodzi limene gulu lawo limagawana, akusakasaka tsamba loti liwaikire umboni.

Ndikutuluka, mtsikana uja ananditsatira pakhonde n'kundifunsa motsitsa mawu kuti, "Nanga pamayeso tilembe ziti?" Ndinamuuza kuti alembe za dyera, chifukwa ndinaopa kuti angataye malikisi, ndipo yankho langalo likundiwawabe mumtima mpaka lero. Mwanayo anali atachita zimene phunziroli linakhazikitsidwira: anawerenga mosamala, anayerekeza nkhaniyo ndi moyo umene amaudziwa, anaweruza ndipo anapereka zifukwa. Ine mphunzitsi wake ndinamuphunzitsa kuti maganizo ake enieni awasiye pakhonde, ndipo papepala alembe zimene akuluakulu akuyembekezera kumva. Limeneli nalonso ndi phunziro la khalidwe, koma ndi khalidwe la chinyengo, ndipo ndikukhulupirira kuti aphunzitsi ambiri timaliphunzitsa mosazindikira tsiku lililonse.

Kuona makhalidwe m'nkhani yolembedwa kumafuna luso, ndipo lusoli silinachokere kutsidya kwa nyanja. Aliyense amene anakhalapo pabwalo la milandu kumudzi amadziwa kuti amfumu ndi nduna zawo sagamula mlandu atangomva dzina la cholakwa. Wodandaula amayala nkhani yake, woyankha mlandu amapatsidwa mpata, mboni zimafunsidwa kuti zinaona chiyani ndi maso awo, ndipo akuluakulu amafuna kudziwa ngati munthuyo anachita dala, ngati ankadziwa zotsatira zake, ngati panali njira ina imene akanatsata, komanso kuti wapwetekedwa ndani. Amene wathyola chimanga m'munda mwa mnzake chifukwa ana ake agona ndi njala masiku awiri walakwa ndithu, koma bwalo silimuyesa mofanana ndi amene wakolola munda wonse usiku kuti akagulitse. Mafunso omwewa ndi amene mwana wa Fomu 3 ayenera kufunsa za mpangankhani wa m'buku, ndipo mboni yake ikhale mawu olembedwa patsambalo. Ngakhale nthano za madzulo, zija timayamba ndi "padangokhala" ena n'kuvomera kuti "tili tonse", sizinali zosavuta monga timaziganizira. Kalulu amene anakana kukumba nawo chitsime koma n'kumaba madzi anali wolakwa, komabe ana ankamukonda chifukwa cha kuchenjera kwake, ndipo kukangana kwawo pa za Kaluluyo agogo atamaliza kusimba kunali mbali ya maphunziro.

Chitsanzo chimene chimandikhudza kwambiri ndi sewero la William Shakespeare lotchedwa Macbeth. Chaka chilichonse ndikafunsa kuti anachititsa imfa ya Mfumu Duncan ndani, ana ambiri amaloza chala mfiti zitatu zija, ndipo otsalawo amaloza mkazi wa Macbeth. Yankho limeneli limabwera mwachangu chifukwa likugwirizana ndi zimene anawo amamva kunyumba ndi m'makwalala, kuti munthu wamwamuna akagwa m'tsoka ndiye kuti wina wamulodza kapena mkazi wamusokoneza mutu. Koma ndikawatuma kuti andipezere mzere umene mfitizo zikuuza Macbeth kuti aphe mfumu, amafufuza mpaka kutopa osaupeza, chifukwa mzere wotero mulibe. Mfitizo zinangolosera kuti adzakhala mfumu, ndipo maganizo akupha anabadwa mumtima mwake momwemo. Banquo, mnzake wa Macbeth, anali pomwepo ndipo nayenso analoseredwa kuti zidzukulu zake zidzakhala mafumu, koma sanatenge mpeni. Mkazi wa Macbeth anamukakamizadi pa imfa ya Duncan, ndipo mlandu umenewo sangauthawe, koma pamene Macbeth ankatuma anthu kukapha Banquo anamubisira mkaziyo, ndipo kuphedwa kwa mkazi ndi ana a Macduff, mmodzi wa akuluakulu a dzikolo, kunali kulamula kwa Macbeth yekha.

Olemekezeka, m'dziko limene timamvabe za agogo omenyedwa ndi kuthamangitsidwa m'midzi powaganizira kuti ndi mfiti, ngakhale lamulo la za ufiti la 1911 limaletsa kunena munthu kuti ndi mfiti, kodi pali phunziro lofunika kuposa lakuti mwana azolowere kufunsa kuti umboni uli pati asanaloze munthu chala? Mwana amene wadzipezera yekha m'sewerolo kuti Macbeth anali ndi mwayi wobwerera m'mbuyo kangapo konse koma anasankha kupitiriza, waphunzira za udindo wa munthu mozama kuposa amene waloweza kuti kukhumbira ulamuliro n'koipa. Woyambayo angadzakumbukire zimenezi tsiku limene gulu la anthu okwiya lidzazinga nyumba ya nkhalamba m'mudzi mwawo, pomwe chiganizo choloweza chimathera m'chipinda cholembera mayeso.

Pali mbali ina imene timaidumpha kwambiri, makamaka m'phunziro la Chichewa, ndiyo kuunika wolemba mwiniwakeyo. Buku la Nthondo, limene Samuel Josia Ntara analemba ndipo linatuluka mu 1933, ndi chuma cha fuko lathu. Linapambana pampikisano wa zolembalemba m'zilankhulo za mu Africa, ndipo T. Cullen Young analimasulira m'Chingerezi n'kulitcha Man of Africa mu 1934. Ntara anali mphunzitsi wa mishoni ya Nkhoma, m'boma lathu lomwe lino la Lilongwe, ndipo nkhani yake ikutsata moyo wa Nthondo kuyambira pa kubadwa, kudutsa mu unyamata wa kuba ndi kusamvera, mpaka kulowa ufumu ndi kutembenuka mtima kukhala Mkhristu. Ana athu amadziwa kunena kuti bukuli likuphunzitsa kuti kuba n'koipa ndiponso kuti munthu angathe kusintha, ndipo zimenezi n'zoona. Koma sitiwafunsa kuti munthu wolemba ali pamishoni m'nthawi ya atsamunda ankaona bwanji miyambo ya makolo, ndi iti imene anailemekeza ndi iti imene anaionetsa ngati mdima, ndiponso ngati iwo owerenga a lero akugwirizana naye pa zonse. Sitiwafunsanso za amayi a m'nkhaniyo, kuti mawu awo akumveka motani ndipo katundu wa zolakwa za Nthondo anamusenza ndani. Kufunsa zotere sikunyoza Ntara, ndipo ine ndimaona kuti ndi ulemu woposa kungomuloweza, chifukwa tikumutenga ngati munthu wamkulu amene anali ndi maganizo ake oyenera kuwamva ndi kuwayankha.

Ndifulumire kunena chimene sindikupempha, chifukwa mawu akuti makhalidwe akalowa m'nkhani ya mabuku, ena amathamangira kufuna kuti mabuku okhala ndi akuba, achigololo ndi akupha achotsedwe m'manja mwa ana. Dziko lino linadutsapo kale m'njira imeneyo. Pansi pa lamulo la 1968 loona za mabuku ndi zosangalatsa, mabuku ambiri analetsedwa m'dzina loteteza anthu, ndipo ndakatulo za Jack Mapanje za m'buku la Of Chameleons and Gods zinachotsedwa m'masitolo ndi m'masukulu, mwiniwakeyo n'kutsekeredwa ku Mikuyu kuyambira 1987 mpaka 1991 popanda kuzengedwa mlandu. Buku limene muli munthu woipa si buku loipa, ndipo mwana amene sanaonepo choipa chikukula pang'onopang'ono mumtima mwa mpangankhani adzavutika kuchizindikira chikadzayamba kumera mumtima mwake. M'kalasi ndi malo otetezeka amene wachinyamata angayang'anitsitse kaduka, chiwembu ndi nkhanza popanda kuvulala, mphunzitsi ali pambali pake.

Sindikupemphanso kuti mphunzitsi asandutse kalasi kukhala guwa. Pamabenchi a kalasi langa pamakhala Akatolika, a CCAP, a Seventh Day, a mipingo ya Chipentekoste, Asilamu ndi ena amene kwawo amatsata za makolo, ndipo ndilibe chilolezo chowakokera onsewo ku chikhulupiriro changa podzera m'buku. Chimene ndaona n'chakuti akayamba kukambirana za dokotala wokana kuthandiza khanda, kapena za mlendo wophedwa ali mtulo m'nyumba ya womulandira, onsewo amakumana pa chinthu chimodzi chimene amachitcha umunthu, ndipo amatha kufotokoza chifukwa chimene chinthu chakuti chilili chopanda umunthu popanda kunyoza chipembedzo cha mnzawo. Ntchito ya mphunzitsi pamenepo ndi kufunsa funso lotsatira, kubweza ana kutsamba akayamba kusochera, ndi kuonetsetsa kuti wamanyazi nayenso wapatsidwa mpata.

Tsono pempho langa loyamba, lomwenso ndi lalikulu, likupita kwa inu a MANEB, chifukwa ife aphunzitsi timaphunzitsa moyang'ana mayeso a MSCE, ndipo kumene mayeso aloza ndi kumene kalasi limalowera. Ndikupempha kuti m'mapepala a nkhani zolembedwa, a Chichewa ndi a Chingerezi omwe, muzikhala mafunso opempha mwana kuti aweruze zochita za mpangankhani ndi kuteteza chigamulo chake ndi umboni wa m'bukumo, ndipo ndondomeko yochongera inene momveka kuti mayankho awiri otsutsana angathe kupeza malikisi onse ngati aliyense waima pa mfundo zoona. Ndikudziwa kuti ochonga amakhala ndi milu ya mapepala ndi masiku ochepa, ndiponso kuti yankho limodzi lokhazikika limathandiza kuti ana onse achongedwe mofanana. Nkhawa imeneyi ndi yomveka ndipo sindikuipeputsa. Komabe kufanana kungathe kukhala pa zinthu zimene zikuyesedwa: kodi mwanayo wanena mbali imene waima, kodi watchula zochitika zenizeni za m'nkhani, kodi waganizirako mfundo ya mbali inayo, kodi zifukwa zake zikulumikizana. Chimangirizo timachonga motero kale, ndipo palibe amene amayembekezera kuti ana onse alembe chimangirizo chofanana. Koposa zonse, zimenezi zilengezedwe poyera kwa aphunzitsi ndi ophunzira, kuti mantha amene anandigwira pakhonde paja asakhalenso ndi poyambira.

Kwa inu a ku Domasi amene mumakonza silabasi ndi mabuku otsogolera aphunzitsi, ndikupempha kuti pa buku lililonse losankhidwa muziika mafunso okambirana amene alibe yankho la mzere umodzi, komanso zitsanzo za mmene mphunzitsi wa kalasi lodzaza angachititsire zokambiranazo. Ine ndayesapo kuchititsa bwalo m'kalasi, gulu lina kukhala odandaula, lina oyankhira mpangankhani, lina mboni zowerenga mizere ya m'buku, ndipo ana atatu kukhala amfumu ndi nduna. Zimatheka m'mphindi 80 za mapiriyodi awiri otsatizana, sizifuna ndalama, ndipo ana amene amagona nthawi ya manotsi amadzuka. Mundilolenso ndinene kuti pamabuku a Chingerezi, ana ambiri a m'masukulu oyendera amakhala ndi maganizo akuthwa koma chilankhulo chimawamanga lilime. Mtsikana uja anayankhula m'Chichewa, ndipo ndikanamukakamiza Chingerezi kuyambira pachiyambi akanangokhala chete. Aphunzitsi tiloledwe mosabisa kuyamba kukambirana m'chilankhulo chimene mwana amaganizira, kenako n'kumuthandiza kuvala maganizowo m'Chingerezi polemba.

Makoleji a Domasi ndi Nalikule pamodzi ndi mayunivesite amene amaphunzitsa aphunzitsi ali ndi gawo lawo. Ambiri a ife tinaphunzira kutchula mpangankhani wamkulu, malo ochitikira nkhani, tsatanetsatane ndi mfundo zazikulu, koma kutsogolera achinyamata 70 pa mtsutso wokhudza nkhanza za m'banja kapena ukwati wa ana ndi luso lina, lofuna kuyeserera wina akukuonera. Nkhani zoterezi zikatuluka m'buku, pamakhala mwana m'kalasimo amene zikumuchitikira kunyumba, ndipo mphunzitsi ayenera kudziwa kuyankhula mosamuchititsa manyazi, kudziwa zimene malamulo akunena, monga zoti kuyambira 2017 malamulo aakulu a dziko lino salola ukwati wa munthu wosakwana zaka 18, komanso kudziwa kumene angamutumize mwanayo kuti akathandizidwe.

Pomaliza ndibwere kwa inu Olemekezeka a Nduna pa nkhani ya mabuku enieniwo. Zonse zimene ndanenazi zikudalira kuti mwana awerenge nkhaniyo ndi maso ake, chifukwa munthu sangaikire umboni chinthu chimene anangouzidwa. Pamene ana asanu kapena asanu ndi mmodzi akudalira buku limodzi, ndipo bukulo liyenera kubwerera mukabati belu lomaliza likalira, timabuku ta mayankho ndi timene timalowa m'malo, ndipo m'timabukumo chiweruzo chimakhala chophikaphika. Ana a m'tauni muno amene ali ndi ndalama ya minibasi angathe kupita ku National Library ku City Centre, koma anzawo a ku Malingunde, ku Nsaru kapena ku Chimutu mwayi umenewo alibe. Ndikupempha kuti pogawa ndalama za zipangizo zophunzirira, mabuku a nkhani a Chichewa ndi Chingerezi awerengedwe monga zida zofunika mofanana ndi za sayansi, kuti mwana aliyense wa Fomu 3 ndi Fomu 4 akhale ndi buku loti angathe kupita nalo kunyumba, kuliwerenga usiku ndi kubwerera nalo m'mawa atapinda tsamba limene akufuna kuti tikambirane. Ndikupemphanso kuti posankha mabuku atsopano muzimva maganizo a aphunzitsi amene ali m'makalasi, ndiponso muziika nkhani za alembi a ku Malawi kuno zokamba za mavuto amene anawa akuwadziwa, monga katangale, kusowa kwa ntchito ndi kusamalira okalamba, zolembedwa mosabisa kuvuta kwa kusankha.

Mtsikana uja akulemba mayeso ake chaka chamawa. Teremu ino ndamuitana n'kumuuza kuti ndinamulangiza molakwika, ndipo tayamba kuyeserera kulemba yankho limene likunena zonse ziwiri: kuti Kino anaponderezedwa ndi ogula ngale ndi dokotala, komanso kuti iye anapondereza Juana, chilichonse ndi umboni wake. Akulemba bwino kwambiri, koma amandifunsabe ngati ochonga adzalilandira yankho loterolo. Ndikupempha kuti mundipatse mawu oti ndikamuuze asanalowe m'chipinda cha mayeso.

Ine wanu modzichepetsa,

Mphunzitsi wa Chichewa ndi Chingerezi,
Lilongwe.